Makiyi a Ba Morgan

Ku Woodlands konse, mu Lusaka, kunalibe munthu woyendetsa galimoto mwaulesi ngati a Morgan Ellwood. Makondakitala a minibasi za ku Kabwata anachita kuwapatsa dzina loti Ba Malilo, poti Peugeot yawo yakale ikatsogola mumsewu wa Burma, mzere wa kumbuyo kwake unkangokhala ngati wa anthu operekeza maliro. Ankawaimbira mahutala, kuwatukwana, ena mpaka kusuzumira pawindo n'kufunsa ngati anyamula mazira. Mzunguyo osatekeseka n'komwe. Manja onse awiri pachiwongolero, maso kutsogolo, ulendo n'kumapitirira momwemo.

Chimene makondakitalawo sankadziwa n'chakuti munthu ameneyu, asanabwere ku Zambia, ankadya za liwiro. Anabadwira kumpoto kwa England, mwana wa makaniko. Ali mnyamata anagulitsa njinga yamoto n'kugula kagalimoto ka mpikisano, ka mtundu uja wa mpando umodzi, kopanda denga, matayala ali pamtunda opanda chowaphimba. Ankakakonza okha, kugona m'lole yomwe ankakanyamuliramo, n'kumazungulira mabwalo a mipikisano a dziko lawo. Anakwera pang'onopang'ono kuchoka m'mipikisano ya oyamba kumene kufika Formula Three, kenako Formula Two. Zikho anatengapo zingapo, koma nthawi zambiri ankathera pa nambala yachinayi kapena yachisanu, malo amene sakupatsa chikho koma sakulolanso kusiya. Chaka china manong'onong'o anamveka akuti alowa Formula One. Sanalowe. Gulu lawo linawachotsa n'kupereka galimoto kwa mnyamata wina amene bambo ake anali ndi fakitale ya mabisiketi. Za liwiro zinathera pomwepo, ndipo zaka za m'ma 1970 zikutha anakwera ndege kudzakonza malole a kampani ina mu Lusaka. Patapita nthawi anatsegula galaja yawoyawo.

Martina, mkazi wawo, ankaidziwa mbiri imeneyi monga momwe munthu amadziwira za njala imene inavuta iye asanabadwe: zinachitikadi, koma kwa anthu ena. Iye anakulira ku Kabwata, mwana wa Akatolika ochokera ku Katete, ndipo anaphunzitsa kusukulu ya pulayimale mpaka kupuma. Mwamuna amene anakwatiwa naye anali wa ovolosi yonunkha girisi, wosalankhulalankhula, wa Chinyanja cha m'galaja. Mnyamata wa chipewa cholimba amene anali pazithunzi za m'khonde uja sanakumanepo naye. Ankangopukuta fumbi pagalasi lake.

Tsiku lina, ukwati udakali wauwisi, anawafunsa mowaseka.

"Nanga imwe, ati munali ba champion, manje muyenda monga ngolo ya ng'ombe?"

"Pa road pali bantu, Martina," anatero a Morgan. "Kuja kunalibe bantu."

Yankho linali lomwelo, ndipo linakwanira zaka makumi anayi.

Kuiwala kunayamba mwaulemu, monga amachitira matenda ambiri a ukalamba. Magalasi m'firiji, dzina la galu kusowa, tiyi kumwa kawiri. Kenako Chinyanja chinayamba kuwathawa, mawu amodziamodzi, mpaka masiku ena ankadzuka ndi Chingerezi chokhachokha cha kwawo, chija cholankhulira m'mphuno chimene ngakhale Martina mphunzitsi ankachita kutchera khutu. Dokotala anafotokoza kuti matendawa amayamba kudya za dzulo, za kale n'kumatsala. Martina anamva n'kugwedeza mutu. Ankaganiza kuti za kalezo ndi nyimbo za ubwana ndi mayina a azakhali. Sanaganizeko za galimoto.

Linali Lamlungu m'mawa, akupita ku Misa ku Kabwata, msewu uli mbee. Atayandikira pamene msewu umakhotera kumanzere, a Morgan anataya galimoto kumanja, mbali ya magalimoto ochokera kutsogolo, kenako anaidula mpaka tayala linakhudza mwala wa m'mphepete, n'kuitulutsanso kumanja phazi lili pansi. Dzanja linasintha magiya mwachangu moti Martina sanalione. Peugeot imene zaka zonsezi inkangong'ung'udza inalira mawu amene palibe ankadziwa kuti ili nawo.

"Bashi Pearl! Muzatipaya!" anakuwa Martina, kuwaitanira dzina la mwana wawo, kolona itagwera pansi pa mpando.

A Morgan anaseka. Sikunali kuseka kuja kwa m'mphuno kumene ankaseka alendo akanena nthabwala. Kunali kuseka kwa pakamwa ponse, kwa mnyamata, maso akuwala. Anamuyang'ana n'kumutsinzinira diso limodzi, chinthu chimene sanachitepo ngakhale ali pachibwenzi.

Ku Misa Martina sanamve kalikonse. Ankadziwa kuti ali ndi mantha. Koma pansi pa manthawo panali china chimene anachita nacho manyazi pamaso pa guwa: anali atasangalala. Mnyamata wa pazithunzi uja anali atatsika pakhoma, ndipo kunena zoona anali wokoma kukhala naye.

Sanauze munthu. Za m'nyumba sizilengezedwa, anadziuza choncho, ndipo mawu amenewa ndi abwino chifukwa amabisa zambiri. M'malo mwake anayamba kuwanyengerera kuti azipita kumsewu wa Leopards Hill m'mamawa, kumene magalimoto amachepa ukapitirira manda. Kumeneko a Morgan ankalankhula kuposa momwe analankhulira m'ukwati wonse. Ankamuuza kuti khona sulilowa ndi maso ali pamphuno ya galimoto, umayang'ana kumene ukufuna kutulukira. Ankamuuza za mvula ya kubwalo la mipikisano la Silverstone, za makaniko wina wa ku Wales amene ankamva vuto la injini poika sipanala kukhutu, za mpikisano umene anatsogola mpaka kumapeto lamba wa injini n'kuduka mzere womaliza ukuoneka. Martina ankagwira chitseko ndi manja awiri, akupemphera ndi theka la mtima, theka lina likumvetsera. Pa zaka zake, mayi wa m'bungwe la Anna Woyera, anayamba kudzola milomo popita kokayenda ndi mwamuna wake.

Koma munthu woiwala sasiyanitsa msewu wa kutchire ndi wa m'tauni. Lachitatu lina masana, Martina ali kosamba, a Morgan anatulutsa galimoto okha. Nkhani inamupeza pafoni, kuchokera kwa mayi wina wa kutchalitchi: abwere msanga kumsewu wa Chilimbulu.

Anapeza khamu. Bambo wina wokankha wilibala, amene ankachokera kumsika wa Soweto ndi mabokosi a matimati a eni ake, anali atakhala m'ngalande momwe anadumphira, thalauza litang'ambika, chigongono chikutuluka magazi. Wilibala inali chagada kutsidya, msewu wonse utafiira. Akanachedwa kudumpha pang'ono chabe, kufiirako kukanakhala kwina.

"Uyu mudala afuna kunipaya!" ankatero bamboyo. "Nenze ku side yanga, eve abwela monga ndeke!"

A Morgan anali atagwada pambali pa galimoto akuyang'ana tayala. Ataona Martina anaimirira n'kufunsa m'Chingerezi, modekha, ngati munthu amene walakwiridwa koma sakufuna mkangano: "Wogwira mbendera anali kuti? Pakakhala chinthu panjira amayenera kukupiza mbendera yachikasu. Palibe amene anakupiza."

Martina anapepesa mogwada, anatengera wovulalayo kuchipatala, anakonza za matimati ndi eni ake. Anthu anamumvera chisoni poona imvi za onse awiri, nkhani sinafike kupolisi. Koma iye ankadziwa kuti mwayi woterewu subwera kawiri. Msewu umenewo masana umadzaza ana ochokera kusukulu. Galimoto inayenera kuchoka m'manja mwa a Morgan, ndipo anadziwanso kuti ikachoka, mnyamata woseka uja achoka nayo.

Anayamba ndi njira ya amantha, kubisa makiyi. A Morgan anafufuza pang'ono, kenako anatsegula pansi pa chiwongolero, nalumikiza mawaya awiri, injini n'kulira. Martina anaitanitsa munthu kudzachotsa kachitsulo kena mu injini iwo akugona masana. Atadzuka anatsegula boneti, anayang'ana kamodzi, napita kukatenga china m'bokosi la zakale. Munthu woiwala dzina la mdzukulu wake ankadziwabe Peugeot ngati chikhatho chake. Martina anachita kuima pageti atatambasula manja, ndipo tsiku limenelo anabwerera, koma munthu sungakhale pageti moyo wonse.

Pearl, mwana wawo, amene ankakhala ku Kabulonga ndi banja lake, sanaone chovuta.

"Mummy, gulisani chabe iyo motoka. Muzalindila mpaka bapaye muntu?"

"Nigulise motoka ya batate bako bali moyo? Iwe mwana unaleledwa kuti?"

"Manje muzachita bwanji?"

"Bazapeleka beka."

Apa Martina sanalakwitse. Galimoto ikanangosowa, a Morgan akanayenda wapansi kuifunafuna, kapena akanalumikiza mawaya m'galimoto ya woyandikana nawo. Inayenera kuperekedwa ndi dzanja lawo. Ndipo iye anaphunzitsidwa ndi alangizi a ku Katete kuti mkazi salanda chinthu m'manja mwa mwamuna wake. Nkhani ikakula kuposa nyumba imapita kwa ankhoswe.

Ankhoswe analipo, ngakhale anali asanagwirepo ntchito chiyambire ukwati. Kuchikazi anali a Gilson, mlongo wake wamkulu wa Martina, amene anapuma m'boma n'kukhazikika ku Chelstone, munthu wokonda kulankhula pagulu moti maliro opanda mawu awo ankawaona ngati sanachitike. Kuchimuna kunali kovuta poyamba paja, chifukwa mzungu analibe mbale kuno, choncho anabwereka a Jonas, amene anali kapitawo wa m'galaja yawo. Tsopano a Jonas anali nkhalamba ya ndodo yokhala ku Lilayi.

A Gilson atamva anakondwa mosabisa. Zaka makumi anayi akudikira mlandu.

"Mulongo wanga, iyi ni nkhani ing'ono. Tizabwela pa Chibelu. Iwe konza chabe tiyi."

Anafika Loweruka m'mawa, onse awiri m'majekete ndi mataye, poti unkhoswe suchitika m'malaya a manja aafupi. Ali pakhonde a Jonas ananong'ona.

"Ba Gilson, osachulukisa mau. Bamudala masiku yano basokonezeka. Tikambe chabe straight."

"Mulamu wanga si mwana," anatero a Gilson akukonza taye. "Munthu mukulu sumulanda chinthu monga wapolisi. Uyamba wamulemekeza, mtima wake ukhale pansi, ndiye upempha."

Anakhala pabalaza. A Morgan pampando wawo wa nthawi zonse, ankhoswe pasofa moyang'anizana nawo, thebulo la tiyi pakati. Martina anathira tiyi mogwada, kenako anachita monga mwambo ufunira: sanakhale pambali pa mwamuna wake. Anayala kamkeka pafupi ndi chitseko, chitenje m'chiuno, duku kumutu, maso pansi. Mkazi amene waitana ankhoswe salankhula mpaka afunsidwe.

A Gilson anatsegula ndi pemphero, kenako poona kuti Chinyanja sichikulowa tsiku limenelo, anasinthira ku Chingerezi chawo cha m'maofesi a boma, chimene ankachinyadira. Anayamba patali, monga ayenera kuyambira nkhoswe yodziwa ntchito. Anati a Morgan akhala nawo zaka zambiri ndipo palibe tsiku limene anawachititsa manyazi. Anati kulimbikira kwawo aliyense akukudziwa, kukhulupirika kwawo n'kosowa masiku ano. Anati pa nkhani ya galimoto, palibe wina amene angafanane nawo, ndipo zimenezi akunena kuchokera pansi pa mtima. Anatembenukira kwa a Jonas kuti avomereze, a Jonas n'kuvomera ndi mutu.

Martina anakweza maso pang'ono. A Morgan anali atasiya tiyi. Anali atakhala chowongoka, manja pamawondo, chibwano m'mwamba, nkhope yopanda kalikonse. Sanali kuyang'ana mlamu wawo ngati mlamu. Ankayang'ana taye.

Pamenepo m'pamene Martina anakumbukira. Kamodzi kokha, Pearl ali wakhanda, a Morgan anamuuzapo mmene anawachotsera pagulu lija. Anati anawaitanira m'chipinda, anapeza amuna a mataye atakhala mbali imodzi ya thebulo, tiyi atathira kale. Anawayamikira nthawi yaitali, mawu okoma amene sanawamvepo chaka chonse, ndipo iwo anadziwa mkati mwa kuyamikirako kuti zatha.

Martina anayesa kuwaimitsa a Gilson. Anatsokomola. A Gilson anamukwezera dzanja osamuyang'ana, kutanthauza kuti nthawi yake ifika. Anatsokomolanso, nasuntha pamkekapo. Akanatha kudzuka n'kukakhala pambali pa mwamuna wake, kumugwira dzanja, kumutchula Bashi Pearl kuti abwerere ku Woodlands. Koma anali ataitana yekha ankhoswe, mlongo wake wamkulu ali pakati pa mawu, ndipo mwambo umene unamulera unamukhazika pansi. Komanso, tinene zoona, anaona kuti njira imeneyi ikugwira. Anaganiza za bambo wa wilibala uja m'ngalande. Anaweramitsanso mutu.

A Gilson anafika pachimake. Anati chilichonse chili ndi nyengo yake, ndipo imafika nthawi yoti munthu amene wagwira ntchito yabwino apume, ena anyamule katundu. Anati iwo monga akuluakulu akhala pansi, aganiza mofatsa, ndipo aona kuti n'kwabwino kwa onse kuti galimoto iziyendetsedwa ndi wina.

Kunja galu ankakanda chitseko.

"Ndamva," anatero a Morgan m'Chingerezi. Mawu awo anali osalala. "Ndiyambira liti kusayendetsa?"

"Kuyambira lero, mlamu, ngati n'kotheka."

"Nyengo ya mipikisano isanathe."

A Gilson sanamvetse, koma anavomera, poti nkhoswe sitsutsa munthu amene akugonja.

"Ndani akutenga galimoto yanga?"

A Gilson anamwetulira, natambasula dzanja kuloza pamkeka paja. A Morgan anatembenuka n'kumuyang'ana Martina nthawi yaitali, kuyambira kuduku mpaka kumapazi. Munalibe mkwiyo m'maso mwawo. Munalibenso chilichonse chosonyeza kuti anamuonapo.

"Ali ndi liwiro?" anafunsa.

A Jonas anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akufuna kulira.

"Aphunzira," anatero a Gilson.

"Onse amaphunzira. Bambo ake ali ndi fakitale yanji?"

A Morgan sanadikire yankho. Anapisa m'thumba, natulutsa makiyi, nawaika pathebulo pambali pa kapu, bwinobwino osalira. Anaimirira, namanga batani la malaya, nagwira chanza a Gilson, kenako a Jonas, akuthokoza aliyense chifukwa cha mwayi umene anapatsidwa. Kenako anayenda mpaka pamkeka natambasula dzanja. Martina analilandira ndi manja awiri.

"Ndi galimoto yabwino," anamuuza. "Imakokera kumanzere ukaponda mabuleki mwamphamvu. Giya yachiwiri musamaikakamize ikadali yozizira. Ndikufunirani zabwino."

Anapita kuchipinda natseka chitseko.

A Gilson anapumira m'mwamba, natenga bisiketi. "Waona, mulongo wanga? Nkhani za bakulu zisila na ulemu. Kulibe na kukangana."

"Zikomo, achimwene," anatero Martina, chifukwa ndiwo mawu amene amanenedwa pamenepo. A Jonas ananyamuka. Potuluka anangomugwira paphewa, nanyamula ndodo yawo.

Alendo atapita, Martina anatola makiyi aja. Anali ofunda. Anali asanaganize kowasunga pamene chitseko cha kuchipinda chinatseguka. A Morgan anatuluka atavala jekete, kachikwama m'manja, chipewa cholimba chija chimene chinkakhala pamwamba pa kabati atachikolowekera pamkono. Woyendetsa akachotsedwa sakhalanso pamalo a gulu. Amalongedza n'kumapita.

"Pepani kukuvutitsani," anatero. "Mungandiperekeze? Ndilibe choyendera."

Martina anali ndi laisensi imene anatenga kalekale n'kuisunga m'Baibulo. Zaka zonsezi analibe chifukwa choigwiritsira ntchito. Analowa mbali ya chiwongolero, nakokera mpando kutsogolo, naliza injini. Inazima. Analizanso. A Morgan anakhala mbali inayo, chikwama pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo mwaulemu ngati sanaone.

Sanadziwe kopita. Anatuluka pageti, nalowa mumsewu wa Independence, nakhotera cha ku Kabulonga, thukuta likutsika m'duku. Minibasi zinamuunjikira kumbuyo, mahutala ali pwii pwii, kondakitala wina akukuwa kuti amayi akagulitse galimoto agule njinga. Pa raundabauti anazungulira kawiri chifukwa choopa kutuluka. A Morgan anayang'ana mapazi ake kamodzi, kenako anayang'ana kunja.

"Musadandaule," anatero patapita nthawi. "Si mlandu wanu. Akanandipatsa ine mpando wa munthu wina, ndikanaulandira. Ndi momwe ntchitoyi ilili."

Martina analuma mlomo. Anafuna kuimika galimoto n'kuwauza kuti ndi iye, mkazi wawo, amene anawabalira mwana, amene amadziwa kuti sadya therere. Koma akanatero, akanayenera kuwauzanso kuti amene wawalanda galimoto ndi mkazi wawo yemweyo. Anasankha kukhala mlendo. Kunamupweteka kuposa momwe ankayembekezera, ndipo anayendetsabe.

Anazungulira Kabulonga yense, nadutsa pasukulu ya anyamata, nabwereranso ku Woodlands kudzera njira ina, akuyembekeza kuti mwina akaona geti lawo mutu ubwerera m'malo. Ataimika, a Morgan anasuzumira pawindo, nayang'ana mpanda, mtengo wa mapeyala, galu akugwedeza mchira.

"Ndi pano," anatero. "Mwadziwa bwanji? Zikomo kwambiri."

Anatsika, natseka chitseko pang'onopang'ono. Anayenda masitepe angapo, kenako anabwerera, naweramira pawindo la Martina. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo nkhope yawo inasweka pang'ono.

"Ndikupempheni chinthu chimodzi. Mkazi wanga ali m'nyumbamu. Mukakumana naye musamuuze. Masiku ano wakhala akubwera kudzandionera ndikuyendetsa, ndipo amasangalala kwambiri. Sindinamuonepo akusangalala choncho. Ndimuuza ndekha ndikapeza mpando wina."

"Sindimuuza," anatero Martina.

"Ndinu munthu wabwino."

Analowa pageti, chipewa chikugunda pabondo. Martina anawamva akutsegula chitseko cha kutsogolo, akuika chikwama pansi, kenako akuitana ndi mawu okweza, ansangala, a munthu amene wakonzeka kunama.

"Martina! Martina, uli kuti?"

Martina anatsika msanga, nazungulira kuseri kwa nyumba, nalowera kukhitchini. Anavula duku ndi chitenje n'kuziponya m'dengu la zochapa. Makiyi anawakwirira m'chitini cha mpunga. Anasamba kumaso pampopi, napukuta ndi kansalu ka mbale, natenga mpeni ndi anyezi kuti maso akhale ndi chifukwa.

"Nili kuno, Bashi Pearl!"

A Morgan anaima pakhomo la khitchini akumwetulira, manja m'matumba.

"Mwayenda bwanji?" anafunsa Martina.

"Bwino maningi," anatero a Morgan. "Vonse vili bwino. Motoka baisunga ku galaja pang'ono, baikonza. Tizayenda futi, osadandaula."

"Nizalindila," anatero Martina, napitiriza kudula anyezi.